PHUNZIRO 17: WAGANYU NDANI?

Mau owerenga: Mateyu 20:1-16 ndi Deuteronomo 24:14-15

Vesi loloweza pamtima: Levitiko 19:13

Cholinga: Ana adziwe tanthauzo lenileni la liu lakuti "waganyu", aleke kulisandutsa mwano, ndipo amvetse chifukwa chake Mulungu adalamula kuti malipiro a munthu wotere asagone.

KWA INU MPHUNZITSI

Phunziro la lero lagona pa liu limodzi limene mwana aliyense wa kuno ku Bua amalidziwa. Musaliyese laling'ono. M'kalasi mwanu, pa mkeka umodzi, mwakhala ana osiyana. Ena makolo ao amalemba aganyu m'minda ya mpunga. Ena makolo ao ndiwo amalembedwawo. Ndipo ena mwa ana okulirapo adagwirako kale ganyu ndi manja ao. Mukalitchula liuli mosasamala, mwana wina adzaseka, wina adzazolika, ndipo wozolikayo mwina Sabata linalo simudzamuonanso.

Chifukwa chake werengani zonse zili m'munsimu pakati pa sabata, osati m'mawa wa tsiku lophunzitsa muli kale panjira. Si zonse zimene mudzauza ana. Zina ndi zanu, kuti mukhale ndi poponda iwo akakufunsani.

1. TANTHAUZO LA GANYU

Ganyu ndi ntchito ya kanthawi imene anthu awiri amapangana malire ake ndi malipiro ake isanayambike. Ntchito ikatha, malipiro naperekedwa, pangano latha, ndipo aliyense abwerera kwao wopanda mangawa ndi mnzake. Zizindikiro zake ndi zitatu.

Choyamba, ganyu sakhalitsa: m'mawa umodzi, tsiku limodzi, kapena masiku owerengeka. Chachiwiri, kawirikawiri amayesedwa ndi ndime, osati ndi mwezi. Mwini munda amaloza kuti kuyambira pa chulu ichi kulekeza pa mtengo uwo, kapena amawerenga mizere, njerwa, ngakhale zidebe za madzi. Chachitatu, malipiro ake ndi a pompo, ndipo sakhala ndalama nthawi zonse. Ena amalandira ufa, ena makaka a chinangwa, ena mpunga, nsomba kapena madeya.

Zitsanzo kuno kwathu sizisowa. Mtsinje wa Bua, umene umachokera ku Mchinji nudutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, umathirira minda ya mpunga ya pa sikimu usanalowe m'nyanja. M'minda imeneyi muli ganyu wotipula, wooka mbande, wopalira, woamira mbalame, womweta ndi wopuntha. Kugombe kuli ganyu wokoka khoka, woyanika usipa pa thandala, ndi wosenza madengu kupita nao ku mseu. Kumtunda kuli ganyu wokumba chinangwa ndi woumba njerwa.

Tsono onani mmene timalitchulira. Timati "kufuna ganyu", "kupita ku ganyu", "kugwira ganyu". Akachuluka timati "maganyu". Mwini ntchito timati "walemba aganyu". Munthuyo timati "waganyu". Liuli lidapangika monga liu lakuti "waulendo". Munthu ndi waulendo pamene ali pa ulendo. Akafika kwao, natula katundu, salinso waulendo. Chimodzimodzi munthu ndi waganyu pamene ali pa ganyu. Akaweruka ndi bambo wa pakhomo pake, mai wa ana ake, mwini munda wake, mwinanso mkulu wa mpingo kapena mai wa Chigwirizano. Uganyu si mtundu, si pfuko, ndipo palibe mwana amabadwa nao. Mfundo imeneyi ndiyo mutu wa phunziro lonseli. Igwireni.

2. KUMENE LIU LIDACHOKERA

Ambiri ofufuza za chiyankhulo amati liu lakuti ganyu lidachokera ku liu la Chipwitikizi lakuti ganho, kutanthauza phindu, kapena chimene munthu wapeza pogwira ntchito. Ku Mozambique mpaka lero ntchito ya mtundu umenewu amaitcha ganho-ganho. Izi sizodabwitsa. Apwitikizi adakhala zaka mazana ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, ndipo mau ao ena adalowa m'Chichewa kudzera m'malonda ndi m'maulendo, monga nsapato, kalata, mbatata ndi kapitao.

Tsono pa chiyambi pake penipeni liuli lilibe chitonzo m'kati mwake. Limanena za phindu la thukuta. Chitonzo tidachiikamo ndife.

3. MAU ENA AMENE ANA AMAWASOKONEZA NDI GANYU

Dima. Iyi ndi ntchito yothandizana. Mwini munda amaitana anansi, nawaphikira thobwa, mowa kapena nsima, ndipo mawa lake iyenso amapita kwa mnzake. Pa dima palibe wolemba ndi wolembedwa. Onse ndi ofanana.

Thangata. Poyamba kuthangata kudali kuthandiza, makamaka kuthandiza mfumu kapena mnansi. M'nthawi ya atsamunda liuli lidapotozedwa. M'maesiteti a kummwera, ku mapiri a Shire, anthu okhala pa malo a mzungu ankagwira ntchito mokakamizidwa m'malo mwa lendi. Kuwawa kwa thangata kudali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe m'chaka cha 1915, ndipo mchitidwewu udathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962. Thangata si ganyu, pakuti munthu sankatha kukana.

Mtengatenga. Uyu adali wosenza katundu pamutu maulendo ataliatali, miseu ndi magalimoto zisanachuluke.

Lebala. Liu ili tidalitenga ku Chingerezi. Lebala ndi munthu wolembedwa ndi boma, kampani kapena mmisiri kuti agwire ntchito ya manja, monga kukumba ngalande, kusakaniza simenti kapena kusenza. Amasiyana ndi waganyu chifukwa amalembedwa m'buku, amayang'aniridwa ndi kapitao, ndipo amayembekeza tsiku la malipiro. Chiyambire kugaya nzimbe ku Dwangwa m'chaka cha 1979, anthu ambiri a m'boma lino agwirako ntchito za mtundu umenewu.

Kapolo. Pa liu ili chenjerani koposa. Kuyambira zaka za m'ma 1840, Nkhotakota lidali doko la malonda a akapolo pansi pa a Jumbe. Anthu ankaolotsedwa nyanja m'zombo, nayendetsedwa mpaka ku Kilwa. Kapolo sankapangana ndi munthu, sankalandira malipiro, ndipo sankabwerera kwao madzulo. Waganyu ndi mfulu. Amapangana, amatha kukana, ndipo thukuta lake lili ndi mtengo. Amene agwiritsa munthu ntchito nammana malipiro wamubweza ku ukapolo kwa tsiku limenelo.

4. MMENE LIU LAPOTOKERA PAKAMWA PATHU

Tcherani khutu pamene ana akusewera, ndipo mudzamva zinthu zitatu.

Poyamba, ntchito ikachitika mwaulesi, anthu amati, "Yagwiridwa mwaganyu." Apa akutanthauza kuti waganyu sasamala. Kachiwiri, timu ya mpira ikabwereka wosewera wa kwina, amati yabwera ndi aganyu. Ndipo anthu olipidwa kuti akachite chiwembu amatchedwanso aganyu. Apa liuli latanthauza munthu amene mtima wake uli pa ndalama basi. Kachitatu, ana akakangana mudzamva wina akuti, "Iwe bambo ako ndi waganyu wa kwathu." Apa liu lasanduka mwala wogendera.

Palinso chizolowezi china chimene chimaoneka chaching'ono. Ambiri akalemba munthu wamkulu, samutchula dzina kapena mfunda wake. Amangoti, "Waganyu uja wafika?" Ngakhale kamwana ka pakhomopo kamamuitana "iwe", pamene munthuyo ndi msinkhu wa agogo ake. Mwambo wathu sulola zimenezi. Khasu la eni silichotsa imvi kumutu.

Ena amati ganyu ndi ntchito yosafuna luso. Amene amatero sadaokepo mpunga. Kuoka mbande m'mizere yoongoka, chowerama m'matope kuyambira mbandakucha, mbande osathyoka, ndi luso. Kukoka khoka mogwirizana ndi anzako, kudziwa nthawi yokoka ndi yolekerera, ndi luso. Kungoti luso limeneli lilibe setifiketi.

5. CHIFUKWA CHAKE ANTHU AMAPITA KU GANYU

Ena amapita ku ganyu kuti apeze ya sopo, ya mchere kapena ya kope la mwana. Koma ambiri amapita chifukwa cha njala, makamaka kuyambira Disembala kufikira Febuluwale, pamene nkhokwe zatha ndipo zakumunda sizinache.

Mvetsani msampha umene uli pamenepa. Miyezi imeneyi ndi yomwenso munda wa munthu aliyense umafuna kupalira. Wopanda chakudya amasiya munda wake, nakapalira wa mnzake kuti ana adye usiku umenewo. Pobwerera apeza munda wake wadzala udzu. Zokolola zake zichepa, nkhokwe yake itha msanga, ndipo chaka chamawa ayamba ganyu mofulumira kuposa chaka chino. Si ulesi umene wamuika pamenepo. Nthawi zambiri ndi matenda, maliro, madzi osefukira kapena ng'amba. Pa njala ya chaka cha 2002 ofuna ganyu adachuluka, olemba adachepa, ndipo malipiro adatsika kwambiri. Ena amene adali olemba aganyu chaka chinacho adapezeka ali pa mzere wofuna ganyu. Akulu adati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Apa ndiye pali chifukwa chake malipiro a waganyu sayenera kugona. Wolandira pamwezi akauzidwa kuti abwere mawa, amadandaula koma amadya. Waganyu akauzidwa kuti abwere mawa, moto suyaka kunyumba kwake usiku umenewo.

6. WAGANYU M'MAU A MULUNGU

Buku Lopatulika, limene lidasindikizidwa lathunthu m'chaka cha 1922, limatchula munthu wotere ndi mau monga "wolipidwa" ndi "wolembedwa ntchito". Ana akamva mau amenewa saganiza za anthu amene amawaona tsiku ndi tsiku. Ntchito yanu ndi kuwauza kuti munthu ameneyu ndi yemwe ife timamutcha waganyu.

M'Chihebri amatchedwa sakir, ndipo chilamulo cha Mose chidamuikira mpanda. Pa Levitiko 19:13 kusunga malipiro ake usiku wonse kwaikidwa pamodzi ndi kusautsa mnansi ndi kulanda. Pa Deuteronomo 24:14-15 lamulo likuti alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, kaya ndi mbale kaya ndi mlendo, chifukwa ndi wosauka ndipo moyo wake wadalira pamenepo. Likuchenjezanso kuti akadandaula kwa Yehova, wommanayo adzakhala wochimwa. Yeremiya 22:13 akudzudzula mfumu imene idamanga nyumba yake pogwiritsa anthu ntchito yaulere. Yakobo 5:4 akunena za malipiro obisidwa a anthu omweta m'minda, kuti malipirowo ali ndi mau, ndipo Ambuye amawamva.

Ana a kunyanja kuno adzakondwa ndi Marko 1:20. Pamene Yesu adaitana Yakobo ndi Yohane, iwo adasiya atate ao Zebedayo m'ngalawa pamodzi ndi anthu olembedwa. Tsono pa nyanja ya Galileya padalinso aganyu a makoka, monga pa gombe lathu.

Fanizo la pa Mateyu 20 ndi nkhani ya aganyu kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Mwini munda wa mphesa adalawira kumsika, kumene ofuna ntchito ankaima, napangana nao dinari imodzi, ndiyo ndalama imene munthu ankalandira pa tsiku. Adapitanso cha m'ma 9 koloko, cha m'ma 12, cha m'ma 3, ndiponso cha m'ma 5 madzulo, kutatsala ora limodzi kuti aweruke. Otsirizawo atafunsidwa chifukwa chake adangoima tsiku lonse, adayankha kuti padalibe wowalemba. Sadali aulesi, adasowa ganyu. Madzulo onse adalipidwa, monga mwa chilamulo, ndipo otsiriza adalandira dinari yathunthu monga oyamba. Oyamba adang'ung'udza, koma mwini munda adawakumbutsa kuti pangano lao walisunga, ndipo chimene wachitira enawo ndi ufulu wa mtima wake.

Samalani pano. Fanizoli silikuphunzitsa kuti wogwira mizere iwiri ndi wogwira mizere makumi awiri azilandira mofanana pa sikimu. Phunziro lake lalikulu ndi chisomo: Ufumu wa Kumwamba sitiugula ndi kutalika kwa ndime yathu. Koma onani kuti pofuna kutionetsa mtima wa Mulungu, Yesu adasankha munthu amene amasunga pangano ndi aganyu, amawalipira dzuwa lisanalowe, ndipo amadziwa kuti ana a wolembedwa mochedwa ali ndi mimba yofanana ndi ana a wolembedwa m'mawa.

Mwana wochenjera angakufunseni za Yohane 10:12-13, pamene wolipidwa akuthawa mmbulu nasiya nkhosa. Muuzeni kuti pamenepo Yesu sakunyoza anthu ogwira ganyu. Akudzudzula atsogoleri amene adapatsidwa anthu kuti awawete, koma mtima wao uli pa malipiro. Mau amenewo akuloza ife aphunzitsi koposa munthu wopalira mpunga.

7. KAPHUNZITSIDWE

(a) Yambani ndi kufunsa ana ntchito zimene zimagwiridwa kuti mbale ya mpunga kapena ya kondowole ifike pamphasa. Lolani atchule okha, kuyambira kutipula mpaka kupuntha. Kenaka funsani kuti amagwira ntchito zimenezi ndani.

(b) Musafunse kuti, "Ndani makolo ake amagwira ganyu?" Musalozenso mwana aliyense ngati chitsanzo, ngakhale mukudziwa za kwao. Musatchule dzina la munthu wa m'mudzi amene adammana mnzake malipiro.

(c) Longosolani fanizo la "waulendo" ndi "waganyu". Kwa ana aang'ono nkokwanira kuti agwire mfundo imeneyi.

(d) Simbani nkhani ya pa Mateyu 20 ndi pakamwa, osawerenga mutu uli m'buku. Mukatha, ana aichite sewero. Mwana amene mukudziwa kuti kwao ndi kosowa mumpatse malo a mwini munda.

(e) Kwa ana okulirapo onjezani mbali yachiwiri: waganyu nayenso ali ndi mangawa a kukhulupirika. Asakwirire udzu ndi dothi kuti ndime ithe msanga, asalandiriretu malipiro nathawa, asabise mpunga m'thumba. Pangano limamanga anthu awiri.

(f) Ngati muli ndi ana amene amajomba kusukulu chifukwa cha ganyu, musawakalipire pamaso pa anzao. Kuthandiza makolo pakhomo ndi kwabwino, koma lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Kachezeni ndi makolo mwaulemu, ndipo mudziwitse mkulu wa mpingo wa dera limenelo kuti aone ngati banjalo lingathandizidwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

MAFUNSO

1. Tchulani zizindikiro zitatu za ganyu.
2. Kodi waganyu amasiyana bwanji ndi kapolo? Nanga ganyu amasiyana bwanji ndi dima?
3. Chifukwa chiyani chilamulo chidati waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe?
4. M'fanizo lija, chifukwa chiyani anthu ena adaima pamsika mpaka madzulo?
5. Munthu wamkulu akabwera kudzagwira ganyu kwanu, mudzamuitana bwanji?

ZOCHITA SABATA INO

Mwana aliyense amene kwao kwabwera munthu wa ganyu afunse dzina kapena mfunda wake, amlonjere monga alonjera mlendo, ndipo ampatse madzi akumwa ndi manja awiri. Mwana amene mbale wake wachokera ku ganyu amlandire khasu, amtungire madzi osamba, namthokoze.

Ndipo inu mphunzitsi, musanaime pamaso pa ana, dzifunseni ngati pali munthu amene adakugwirirani ntchito ndipo mudamuuza kuti abwere mawa. Ngati alipo, kamlipireni Loweruka lisanathe. Ana a m'mudzi amadziwa zambiri, ndipo sadzamva phunziro limene mphunzitsi wao sadalichite.

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Inu mumaona aliyense amene amalawira ndi khasu kukafuna chakudya cha ana ake. Sungani pakamwa pathu kuti tisanyoze munthu chifukwa cha ntchito yake. Olemba anzao muwapatse mtima wolipira msanga ndi mosanyenga. Olembedwa muwapatse mphamvu ndi kukhulupirika. Osowa ganyu muwakumbukire. Tiphunzitseni kukondwera pamene muchitira mnzathu chifundo. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.